Timange Amsterdam pa tebulo: tauni yakale ya ngalande ndi tinjerwa toseweretsa

Kwa inu amene simunabwere Loweruka, nawa mawu onse amene anayankhulidwa tisanagawane ntchito. Werengani mpaka kumapeto chifukwa miyezo yonse ili m'katimu.

Anzanga nonse, zikomo chifukwa chobwera, ndipo zikomo kwambiri kwa inu amene mwabwera ndi tinjerwa tanu. Si chapafupi kutenga zinthu zimene mwakhala mukusunga m'chitini kuyambira muli ku pulayimale n'kuzikhuthulira m'beseni limodzi ndi za anzanu. Ena mwachita kubwereka kwa azing'ono anu, ena mwakasaka pa kaunjika. Ndiye popeza tinjerwati n'tochepa komanso tili ndi eni ake, sitingangoyamba kumanga mwachisawawa. Tikalakwitsa pulani, titsirizira pakati, nyumba zopanda madenga, mlatho wopanda kotsikira, kenako tiyamba kulozana zala. Lero tigwirizane zinthu 3: tikumanga chiyani, pa muyezo wanji, ndipo ndani agwira pati.

Tiyambe ndi tauni yeniyeniyo. Tasankha chigawo chakale cha Amsterdam, likulu la dziko la Netherlands. Dzinali linachokera ku damu limene anthu anatchinga pa mtsinje wa Amstel, ndipo linalembedwa koyamba m'chikalata cha mu 1275. N'chifukwa chake mu 2025 mzindawu unakondwerera kuti watha zaka 750. Tikamati ngalande, musaganize ngalande ya m'mbali mwa msewu yodutsa madzi a mvula ayi. Izi ndi ngalande zikuluzikulu zokumba anthu, zoyendamo maboti, zokhala ndi makoma a njerwa mbali zonse. Zitatu zotchuka ndi Herengracht, Keizersgracht ndi Prinsengracht. Anayamba kuzikumba mu 1613, ndipo zimazungulira pakati pa mzinda ngati uta, ina kunja kwa inzake. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika chigawochi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Mukayang'ana zithunzi zimene tatumiza pa gulu la WhatsApp, muona zinthu zingapo zobwerezabwereza. Zimenezo ndi zimene zingapangitse munthu kuzindikira kuti iyi ndi Amsterdam, ngakhale tisanamuuze.

Choyamba, nyumba zake ndi zopyapyala kumaso, zazitali, zolowa m'kati kwambiri, ndipo zagundanagundana popanda mpata. Malo oyang'ana ku ngalande anali odula, choncho munthu ankagula kachigawo kakang'ono n'kukwera m'mwamba. Chachiwiri, ndi za njerwa. Poyamba zambiri zinali za matabwa, koma moto waukulu wa mu 1421 ndi wa mu 1452 utapsereza mbali yaikulu ya tauni, akuluakulu anayamba kuletsa makoma a matabwa. Chachitatu, nyumba iliyonse ili ndi chipumi chakechake pamwamba: ina chokwera ngati masitepe, ina chooneka ngati khosi la botolo, ina ngati belu. Chachinayi, pa nsonga pali mtanda wotulukira kunja wokhala ndi mbedza. Paja masitepe a m'katimo ndi opanikizika, ndiye katundu wolemera amamukweza ndi chingwe n'kumulowetsa pa windo. Nyumba zambiri anazimanga zoweramira kutsogolo pang'ono mwadala, ndipo zimenezi zimathandiza kuti katundu akamakwera asamagunde khoma.

Koma chinsinsi chachikulu chili pansi, kosaoneka. Nthaka ya Amsterdam ndi yofewa, ya dambo. Ukangomanga nyumba ya njerwa pamenepo, imatitimira. Amisiri akale ankakhomera mitengo yaitali, yopitirira mamita 10, mpaka ikafike pa mchenga wolimba, ndiye nyumba n'kukhala pamwamba pa mitengoyo. Nyumba yachifumu ya pa bwalo la Dam yakhala pa mitengo 13,659. Mtengo ukakhala m'madzi nthawi zonse suwola msanga, koma madzi akatsika, mpweya n'kuupeza, umayamba kufumbwa. Ndiye mukaona nyumba yopendekera cham'mbali pa chithunzi, dziwani kuti imeneyo si sitayilo, ndi maziko amene akudwala. Mu September 2020 khoma la ngalande ya Grimburgwal linagumukira m'madzi, ndipo mzindawu uli pa ntchito yaikulu yokonza makoma ndi milatho yakale. Sungani nkhani ya mitengoyi, tibwererako posachedwa.

Pali chinanso choti tisachidumphe. Chuma chimene chinamanga nyumba zokongolazi chinachokera ku malonda a panyanja. Kampani ya VOC inayamba mu 1602, ndipo ya West India Company inayamba mu 1621. M'nyumba zosungiramo katundu munkadzaza tsabola, shuga, fodya ndi khofi, ndipo zambiri mwa zimenezi ankalima ndi akapolo. Kampani ya West India Company inkanyamula anthu a ku Africa kukawagulitsa kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Nayo VOC, imene inakhazikitsa malo ake ku Cape mu 1652, inkabweretsa kumeneko akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique ndi ku Asia. Mu 2021 meya wa Amsterdam, Femke Halsema, anapepesa poyera chifukwa cha mbali imene olamulira mzindawu anatenga pa malonda a akapolo. Ndiye amene mumange nyumba yosungiramo katundu, mulembe kakhadi kofotokoza zimenezi. Munthu akabwera kudzaona, asangoti "eee, kukongola!" n'kumapita. Achoke ataphunzirapo kanthu.

Tsopano tibwere ku tinjerwa. Kampani ya LEGO inayambitsidwa ndi kalipentala wina, Ole Kirk Christiansen, ku Billund m'dziko la Denmark mu 1932, ndipo poyamba inkapanga zidole za matabwa. Kanjerwa kamene tikukadziwa lero, kokhala ndi timapaipi kunsi kuti kazigwira bwino, kanalembetsedwa mu 1958. Chosangalatsa n'choti kanjerwa ka nthawi imeneyo kamalowana ndi ka lero, chifukwa miyezo sinasinthe. Miyezo yake ndi iyi, ndipo ndikupempha kuti muilembe. Kuchoka pa kabatani kamodzi kufika pa kanzake ndi mamilimita 8. Kanjerwa kamodzi n'kotalika mamilimita 9.6, osawerengera kabatani. Timapuleti 3 topyapyala tikasanjikizana timafanana ndi kanjerwa kamodzi. Bolodi lapansi la timabatani 32 m'litali ndi 32 m'lifupi limakwana pafupifupi masentimita 25.6 mbali iliyonse. Tikalumikiza mabolodi 4 mu mzere, tauni yathu italika kupitirira mita imodzi pang'ono. Tebulo la m'holo likwana.

Funso lovuta ndi la kukula kwa nyumba. Ndikudziwa kuti ambiri mukufuna nyumba zoti tianthu ta LEGO tizilowamo. Koma kamunthu kamodzi n'kotalika pafupifupi masentimita 4, choncho chipinda chimodzi chimafuna mizere 6 kapena 7 ya njerwa. Nyumba yosanjikizana kanayi ikhoza kudya theka la beseni ili payokha. Tikatero timanga nyumba 2 kapena 3 basi, ndipo imeneyo si tauni. Maganizo anga ndi oti tichepetse: nyumba ikhale timabatani 4 kapena 6 kumaso, ndipo nsanjika iliyonse ikhale mizere 2. Anthu tiwapanga ndi tizidutswa tiwiri tozungulira, kamodzi thupi, kena mutu. Ku The Hague kuli paki yotchedwa Madurodam, imene inatsegulidwa mu 1952, komwe anamanga malo otchuka a dziko la Netherlands mochepetsa. Zinthu zonse kumeneko anazichepetsa pa muyezo umodzi, ka 25. N'chifukwa chake zimaoneka zenizeni. Boti likakula kuposa nyumba, diso limakana nthawi yomweyo.

Lamulo la bolodi lililonse likhale ili, kuwerenga kuchokera kutsogolo: mizere 10 ya timabatani ndi madzi, mzere 1 ndi khoma la ngalande, mizere 5 ndi msewu, mizere 8 ndi nyumba, ndipo mizere 8 yotsalayo ndi minda ya maluwa ya kuseri, monga zilili kuseri kwa nyumba za ku Keizersgracht. Zonse pamodzi 32. Kumaso, bolodi limodzi litenga nyumba 6: zinayi za timabatani 6 ndi ziwiri za timabatani 4. Chonde, gulu lisasinthe manambalawa palokha. Gulu limodzi likaika madzi mizere 9, lina 11, tsiku lolumikiza ngalande yathu idzakhala yothyoka pakati, ndipo sipadzakhala nthawi yophwasula.

Vuto lina ndi ili: bolodi silikumbika. Ndiye kuti ngalande ioneke yozama, timakweza china chilichonse. Madzi akhala pa bolodi penipeni, koma msewu ndi nyumba zikwera ndi njerwa 2. Apa ndi pomwe nkhani ya mitengo ija ikutithandiza. Musadzaze pansi ponse ndi njerwa, kumeneko n'kuwononga. Imikani tizipilala motalikirana timabatani 4, kenako yalani mapuleti pamwamba. Tizipilalati tipange ndi tinjerwa tonyasa, tapinki, tokalikakalika, totafunidwa ndi ana, chifukwa palibe adzatione. Tinjerwa ta makampani ena tosagwira bwino tiikenso komweko, koma pansi pa msewu, osati pansi pa nyumba yaitali. Pa bolodi lomaliza tisiye mbali imodzi yotsegula kuti anthu aone mizati imene yanyamula nyumba. Pamenepo mudzafotokoza nkhani ya nthaka yofewa popanda kuvutika.

Nanga madzi? Ambiri mwathamangira mtundu wa buluu. Taonaninso zithunzi zija. Madzi a m'ngalande za Amsterdam ndi oderako, obiriwira mosakanikirana ndi khofi. Njira yokongola ndi kuyala mapuleti akuda kapena obiriwira moderako, n'kuphimba ndi timatailosi toonekera m'kati. Koma tawerengani: mizere 10 kuchulukitsa ndi 32 ndi timabatani 320. Katailosi kamodzi kamaphimba timabatani 2, ndiye bolodi limodzi likufuna 160, mabolodi 4 akufuna 640. Tilibe. Choncho tidula pepala lolimba lakuda, pamwamba pake tiyala pulasitiki yoonekera ija yokutira mabuku, ndipo timatailosi tochepa tili natoti tisunge kuti tiike kumbuyo kwa maboti, pooneka ngati madzi akugavira. Ena anena kuti kumeneko n'kubera. Ayi, kumeneko n'kudziwa thumba lako.

Pomanga makoma, chitani monga amachitira mmisiri wa nyumba zenizeni: njerwa ya pamwamba igone pa mpata wa ziwiri za pansi. Mukangosanjikiza molunjika, khoma ling'ambika mukangolinyamula. Khoma la ngalande musalipange la mtundu umodzi. Sakanizani zofiirira, zotuwa ndi zakuda, ndipo mzere wa pansi ukhale woderako kapena wobiriwira, kusonyeza ndere. Mitundu yabwino, monga yofiira moderako, yakhofi, yakuda ndi yoyera, ipite kumaso kwa nyumba. Makoma a m'mbali sawoneka chifukwa nyumba zagundana, ndiye kumeneko ikani zilizonse. Nyumba zoyandikana zisafanane msinkhu. Ina ipose inzake ndi mzere umodzi kapena timapuleti tiwiri, kuti madenga aziti apa kukwera, apa kutsika. Chipumi cha masitepe n'chosavuta: mzere uliwonse muzichotsa kabatani kamodzi mbali zonse mpaka mufike pa nsonga. Musaiwale kamtanda ka mbedza, ngakhale ndi kapuleti kamodzi kotulukira kunja komangirira ulusi.

Pa bolodi lachitatu padutsa kangalande kakang'ono kolowera kumbuyo, kotakata timabatani 6, ndipo msewu uwoloka pa mlatho wokhota ngati uta. Gulu limenelo litaya nyumba imodzi, koma lapeza malo amene aliyense adzajambulepo chithunzi. Mangani kaye boti, kenako mlatho. Boti likakanika kudutsa pansi, kwezani mlatho ndi timapuleti, ndipo msewu ukwere pang'onopang'ono mbali zonse. Pomaliza penipeni ndi pomwe tiike mitengo ya m'mbali mwa ngalande, nyale za mumsewu ndi njinga. Amsterdam yopanda njinga yoyedzamira pa mlatho si Amsterdam.

Za kasamalidwe ndinene mwachidule. Guluu ayi, penti ayi, kudula kanjerwa ayi, chifukwa zonsezi zibwerera kwa eni ake. Tisanayambe, aliyense awerenge zake, mlembi alembe m'kope, ndipo tijambule chithunzi. Posankhula, gawani potengera maonekedwe, osati mtundu: n'kosavuta kupeza kofiira pakati pa tinjerwa tofanana kukula kusiyana ndi kusaka kakang'ono m'mulu wa zofiira zokhazokha. Zakuda tizitsuke ndi manja m'madzi ofunda osapitirira madigiri 40, ndipo tiziyanike pa mthunzi, chifukwa dzuwa limasintha mtundu wa pulasitiki, makamaka yoyera. Tikaweruka tiziphimba ndi chitenje kuopa fumbi. Ndipo amene mumabwera ndi ana aang'ono, chonde muziwayang'anira. Tizidutswa tating'ono tikhoza kutsamwitsa mwana.

Mwina wina mumtima akuti, ine sindinagwirepo LEGO chibadwire. Musadandaule. Ngati munapangapo galimoto ya mawaya kapena kuumba ng'ombe ya dothi, diso la muyezo muli nalo kale. Katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, anawerengera kuti tinjerwa 6 tokha ta timabatani 8 tingalumikizidwe m'njira 915,103,765. Ndiye musaope kuti nzeru zitha, chimene chingathe ndi tinjerwa basi. Tikufunanso ojambula pulani pa pepala, osankhula, olemba timakhadi ndi wojambula zithunzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tigawike m'magulu 4, gulu lililonse bolodi lake. Sabata ino ntchito ndi imodzi yokha: jambulani bolodi lanu pa pepala la timabokosi, kabokosi kamodzi kuimira kabatani kamodzi, ndipo mulembe kuti nyumba iliyonse ikufuna tinjerwa tingati. Loweruka likubwerali tiyala mapepala onse 4 pa tebulo. Ngalande ikalumikizana pa pepala, beseni titsegula. Ikapanda kulumikizana, tifufuta ndi labala, zomwe n'zosavuta kusiyana ndi kuphwasula nyumba 23. Amene muli ndi mafunso, imikani manja.