Kuŵerenga Chimodzi pa Chikwi

Nkhani yathu ndi ya masamu, koma iyambira pa foni imene ili m'thumba la amai kapena atate anu.

Munthu wa ku Chawama akatumiza chithunzi kwa mbale wake wa ku Matero, chithunzicho sichipita chathunthu ai. Chimadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo kaŵirikaŵiri paketi imodzi sipitirira mabaiti 1,500. Motero chithunzi cha mabaiti 3,000,000 chimasanduka mapaketi ngati 2,000. Paketi iliyonse ili ndi keyala ya kumene ichokera ndi ya kumene ipita, monga kalata ya ku positi. Pa mphambano za njira zake pali makina otchedwa rauta, amene amaŵerenga keyala ndi kulozera paketi njira. Pa chipata cha banki kapena sukulu yaikulu pamakhalanso firewall, ndiye mlonda amene amalola ena kuloŵa nabweza ena.

Intaneti inafika m'dziko la Zambia mu 1994 kudzera mwa ZAMNET, imene inayambira pa Yunivesite ya Zambia, pafupi penipeni ndi Kalingalinga. Masiku amenewo oigwiritsa ntchito anali oŵerengeka. Lero, madzulo anthu akaŵeruka, mafoni a ku Kanyama, George ndi Mtendere amayaka onse pamodzi, ndipo rauta yaikulu ingathe kupititsa mapaketi mamiliyoni pa sekondi imodzi. Injiniya woyang'anira ayenera kudziŵa njira imene yadzaza ndi chimene chaidzaza. Koma rauta ikati ilembe paketi iliyonse, ingatope ndi kulemba nilephera ntchito yake yeniyeni.

Nanga achite bwanji? Amachita monga mai wogula chimanga ku Soweto Market. Iye sakhuthula thumba lonse kuti aone ngati muli anankafumbwe. Amapisa dzanja, natapa pang'ono, naweruza thumba lonse ndi zimene zili m'dzanjamo.

Injiniya amauza rauta khomo limene iziyang'anira, popeza ili ndi makomo ambiri oloŵeramo mawaya. Amaipatsanso keyala ya kompyuta ina yosonkhanitsa zolembedwazo. Kenaka amaiuza muyeso wake: itape paketi imodzi pa 100 alionse, kapena imodzi pa 1,000. Njira zotumizira zolembedwazi zili ndi maina. NetFlow inachokera ku kampani ya Cisco cha m'ma 1996, sFlow inalengezedwa mu 2001 ndi kampani ya InMon, ndipo mu 2013 akatswiri a maiko ambiri anakhazikitsa IPFIX kuti makina a makampani osiyana azimvana.

Muyesowo ndiwo ufuna nzeru. Tiyerekeze kuti rauta itapa imodzi pa 1,000, ndipo yalemba mapaketi 45 ochokera ku YouTube. Chulukitsani 45 ndi 1,000. Mwapeza 45,000, ndipo chiŵerengero chenicheni sichili kutali ndi pamenepo. Koma taganizani za mbala imene ingotumiza mapaketi 5 okha poyesa ngati chitseko chili chotseka. Pa muyeso womwewo, mbala zotere 200 zingadutse, nigwidwa imodzi yokha. Kutapa kumaona bwino zazikulu, koma zazing'ono zimapulumuka. Nchifukwa chake injiniya wanzeru amatapa pa rauta ya njira yodzaza, pamene pa firewall, pomwe mbala imodzi ingabweretse tsoka, amafuna kuti ulendo uliwonse ulembedwe ngati makina angathe.

Aphunzitsi, zimenezi mungazionetse m'kalasi popanda kompyuta. Tengani lichero, muikemo njere 700 za chimanga, 297 za nyemba ndi 3 za nshaŵa, zimene ena amati mtedza. Musauze ana chiŵerengero. Sakanizani bwino, mwana mmodzi atsinzine natape njere 100, anzake aŵerenge mtundu uliwonse ndi kuchulukitsa ndi 10. Chimanga adzachipeza pafupi ndi 700. Nshaŵa zokha zidzavuta: nthaŵi zambiri sipadzapezeka ngakhale imodzi, ndipo ikapezeka imodzi, ana adzati m'licheromo muli 10. Bwezerani njerezo, musakanizenso, muyese kasanu. Pambuyo pake yesani osasakaniza, nyemba zonse zili pamwamba, kuti ana aone chifukwa chake makina ena amasankha paketi mwachisawawa m'malo motsata mzere.

Mwana wina wochenjera adzafunsa kuti, "Kodi injiniyayo amaŵerenga mauthenga a amai anga?" Zolembedwa za NetFlow sizisunga mau a m'kati mwa kalata. Zimasunga za pa envulopu zokha: keyala ziŵiri zija, nthaŵi, ndi kuchuluka kwa mapaketi ndi mabaiti. Komabe musampeputse mwanayo, pakuti envulopu nayo imaulula zambiri. Wodziŵa kuti foni yakuti imalankhula ndi chipatala usiku uliwonse wadziŵa kale za m'nyumba ya mwini wake. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inapanga lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri za anthu, ndipo osunga zolembedwa zotere ayenera kusamala amene aziona.

Mukamaliza kuyesa kasanu kuja, lembani mayankho onse pa bolodi, ndipo ana anene okha njere zimene ayenera kutapa kuti nshaŵa ziyambe kuoneka. Tsalani bwino.