Mfuko Alibe Nthawi: Mawu kwa Alangizi a ku Epworth

Lero tikambirane za mfuko, kanyama kamene kamaononga mbatata m'minda yaing'ono ndi m'madimba a kuno ku Epworth.

Tinazolowera kugawa nyama pawiri: zoyenda usana monga anyani, ndi zoyenda usiku monga nungu. Koma pali gulu lachitatu, la nyama zimene zimadya ndi kupuma mosinthasintha, usana ndi usiku womwe. M'chaka cha 1987 katswiri wina, Ian Tattersall, analongosola khalidweli atafufuza nyama zonga achanga pa chilumba cha Mayotte, nalitcha "cathemeral".

Mfuko ali pafupi ndi gulu limeneli. Amakhala pansi pa nthaka, kumene kuwala sikufika, ndipo maso ake ndi ofooka. Kafukufuku wa kum'mwera kwa Malawi, wofalitsidwa mu 2007, anaonetsa kuti mtundu wina wa mfuko umagwira ntchito pang'onopang'ono nthawi zosiyanasiyana, motsatira kutentha kwa nthaka. Mtundu wopezeka kuno ku Mashonaland umatchedwa Fukomys darlingi, dzina lochokera ku mawu athu omwewa akuti mfuko. Umakhala m'mabanja, choncho kugwira mmodzi sikuthetsa vuto.

Phunziro lake ndi ili: tisauze mlimi kuti adikire mfuko pa ola lakuti. Mayi amene amapita m'mawa kukagulitsa ndiwo ku Mbare sangachezere m'munda usiku wonse. Timphunzitse kuwerenga zizindikiro.

Choyamba, afunefune milu ya dothi latsopano, makamaka mvula ikagwa, pamene nthaka yafewa ndipo mfuko akukumba kwambiri. Chachiwiri, afukule pansi pa mulu mpaka apeze una, ausiye wotsekula. Mfuko safuna khomo lotsekula. Akapeza kuti latsekedwanso ndi dothi, ndiye kuti mwini wake alimo. Chachitatu, atchere msampha pa una womwewo, nauyendere m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, kufikira unawo utaleka kutsekedwa.

Popeza minda ya kuno ndi yogundana, mauna amadutsa malire. Alimi oyandikana atchere sabata imodzi. Mbatata ikakhwima ikumbidwe msanga, isasiyidwe m'mizere. Ku Zambia alimi ena amabzala mthuthu m'mphepete mwa minda ya chinangwa kuti mfuko asafike. Tingayese pa minda yachitsanzo tisanalangize aliyense.

Pomaliza, ndikupempheni kuti tisalimbikitse kuthira poizoni m'mauna. Mabanja ambiri a ku Epworth amamwa madzi a m'zitsime zosazama, ndipo ana, nkhuku ndi agalu amayenda m'minda momwemo. Kupulumutsa dengu la mbatata n'kuipitsa chitsime si phindu.

Mukabwerera m'madera anu, lembani tsiku ndi malo amene mwaona milu yatsopano, kuti tidzayerekeze pa msonkhano wotsatira.