Mkondo Ulambula Njira, Sudzala Nzeru

M'phunziro la mbiri yakale la lero tikambirana za Agiriki, ndi momwe chinenero chawo ndi nzeru zawo zinatulukira m'dziko lawo laling'ono ndi kufalikira kutali.

Kapena wina afunsa kuti, kodi za Agiriki zitikhudza bwanji ife? Taonani. Pa malo a mafakitale m'tauni ya Kafue panatsegulidwa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia m'chaka cha 1970. Dzina la mpweya umenewo, naitrojeni, linapangidwa ku France mu 1790 polumikiza mawu awiri a Chigiriki. Mawu akuti sukulu, Baibulo ndi mngelo nawonso mizu yawo ili m'Chigiriki, ngakhale anatifika kudzera m'zinenero zina. Kodi chinenero cha anthu ochepa chotere chinakula bwanji? Ambiri amayankha kuti, ndi nkhondo. Yankho limeneli ndi loona, koma silikwanira.

Tiyambe ndi nkhondoyo. Alexander anabadwa mu 356 B.C., ndiko kuti Khristu asanabadwe, ku Macedonia, kumpoto kwa Greece. Atate ake, mfumu Philip, anamuitanira Aristotle, wanzeru wotchuka, kuti amphunzitse. Analowa ufumu ali ndi zaka 20, ndipo mu 334 B.C. anawolokera ku Asia ndi asilikali oposa 30,000 kukathira nkhondo ufumu waukulu wa Persia. Anagonjetsa mfumu Darius ku Issus mu 333, nalowa m'dziko la Egypt mu 332, ndipo mu 331 anathyola mphamvu ya Persia ku Gaugamela. Mu 326 anafika ku India, kumene asilikali ake, atatopa, anakana kupitirira. Anamwalira ku Babylon mu 323 ali ndi zaka 32 zokha.

Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo uyu anadza ndi mkondo. Mzinda wa Thebes, wa Agiriki anzake, anaupasula nagulitsa anthu ake ukapolo. Mzinda wa Tyre anauzinga miyezi 7, ndipo utagwa anthu zikwizikwi anaphedwa kapena kugulitsidwa. Nyumba zachifumu za ku Persepolis zinatenthedwa. Iye sananyamuke kwawo kuti akaphunzitse anthu. Anafuna ufumu, chuma ndi kutchuka. Ndipo atangomwalira, ufumuwo unagawanika pakati pa akazembe ake.

Tsono chinatsala n'chiyani? Choyamba, mizinda. Alexander ndi omlowa m'malo anamanga mizinda yatsopano, nakhazikamo asilikali opuma, amalonda ndi amisiri olankhula Chigiriki. Ku Ai-Khanoum, m'dziko la Afghanistan, akatswiri ofukula zakale anapeza mzinda wokhala ndi bwalo la zisudzo ndi bwalo lophunzirira anyamata, monga m'mizinda ya ku Greece. Chachiwiri, chinenero. Chigiriki chopepuka, chotchedwa Koine, chinakhala cholembera msonkho, milandu ndi mapangano a malonda. Munthu wofuna ntchito ya boma kapena malonda akutali anayenera kuchiphunzira. Ngakhale mfumu Ashoka ya ku India, imene sinalamulidwe ndi Agiriki, inalembetsa malamulo ake ena m'Chigiriki pa thanthwe ku Kandahar.

Chachitatu, nyumba za maphunziro, ndipo yoposa zonse inali muno mu Africa. Mzinda wa Alexandria, ku Egypt, unakhazikitsidwa mu 331 B.C. Kazembe Ptolemy, amene anatenga Egypt, ndi mwana wake, anamangamo nyumba yaikulu ya mabuku, nasunga akatswiri ndi chuma cha mfumu kuti aphunzire mosadera nkhawa za chakudya. Kumeneko Euclid analemba mabuku 13 a masamu a mizere ndi ngodya, amene malamulo ake tiphunzira kusekondale kufikira lero. Herophilus anafufuza za m'kati mwa thupi la munthu. Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko la Libya, anayesa kukula kwa dziko lapansi. Iye anadziwa kuti pa tsiku lina la chaka, dzuwa lili paliwombo, mtengo woimika chilili ku Syene, kumene lero ndi Aswan, sukhala ndi mthunzi. Anayesa mthunzi ku Alexandria nthawi yomweyo, napeza kuti ngodya yake ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a mzere wozungulira. Pochulukitsa ka 50 mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo, anapeza yankho losasiyana kwambiri ndi loona.

Tisaganize kuti nzeru zinayenda njira imodzi yokha. Agiriki anaphunzira za nyenyezi m'zolembedwa za ku Babylon, ndipo kugawa mzere wozungulira m'madigiri 360 kunachokera komweko. Manetho, wansembe wa ku Egypt, analemba mbiri ya mafumu a kwawo m'Chigiriki. Ayuda a ku Alexandria anamasulira Malamulo a Mose m'Chigiriki, ndipo patapita zaka mazana atatu Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki cha Koine. Koma kumene mfumu inayesa kukakamiza, zinthu zinalephera. Antiochus IV ataletsa chipembedzo cha Ayuda ku Jerusalem mu 167 B.C., anthu anagalukira, namchotsera mphamvu m'dziko lawo. Ku Egypt nako, alimi a m'midzi anapitiriza kulankhula chinenero cha makolo awo.

Tsopano tibwere kuno kwathu, pakuti mbiri ya Zambia ili ndi zitsanzo ziwiri zoyesera nazo mfundo imeneyi. Anthu athu awa sanayende ndi mabuku, koma anayenda ndi chinenero ndi miyambo, ndipo onse awiri anagonjetsa ndi mkondo.

Oyamba ndi Akololo a mfumu Sebetwane, olankhula Chisuthu, amene anachokera kummwera. Atawoloka Zambezi, anakhala kanthawi m'dziko la Atonga, cha ku mtsinje wa Kafue, asanagonjetse Alozi cha m'ma 1840. Sebetwane anamwalira mu 1851, atangokumana ndi David Livingstone. Mu 1864 Alozi anagalukira, napha amuna a Chikololo ambiri, koma akazi ndi ana anawasunga. Ulamuliro wa Akololo sunafike zaka 30, komabe Chilozi cha lero maziko ake ndi chinenero cha Akololo. Chinali chitakhala kale chomvanirana mitundu yosiyanasiyana ya m'ufumuwo, ndipo amayi anachiyamwitsa kwa ana awo.

Achiwiri ndi Angoni. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana. Mwana wake Mpezeni anakhazikika cha ku Chipata, nagonjetsa midzi yambiri ya Achewa ndi Ansenga. Angoni anasiya chizindikiro chawo: ufumu, ngoma, ng'ombe za malowolo ndi mwambo wa Nc'wala, umene unayambanso mu 1980 ndipo uchitikira ku Mtenguleni. Koma chinenero chawo chinazilala, pakuti ankhondo anakwatira akazi a Chinsenga ndi a Chichewa, ndipo ana anakula ndi chinenero cha amayi awo.

Onani tsono: mkondo unali womwewo, koma zotsatira zinasiyana. Chimene chilamula si kuopsa kwa nkhondo, koma chimene chichitika nkhondo itatha: m'nyumba, pamsika, pabwalo la milandu ndi m'sukulu. Chigiriki chinapitirira chifukwa anthu anapeza nacho ntchito. Chinafika ngakhale kumene asilikali a Alexander sanapondeko: mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Ethiopia, inalembetsa zipambano zake m'Chigiriki zaka zoposa 600 Alexander atamwalira. Pambuyo pake akatswiri a ku Baghdad anamasulira Euclid ndi Aristotle m'Chiarabu, popanda msilikali wa Chigiriki ndi mmodzi yemwe. Tilemekeze tsono mlembi, womasulira, mphunzitsi ndi mayi, pakuti iwo ndiwo anasenza katundu amene mbiri imaika pa dzina la mfumu ya nkhondo.

Aphunzitsi, thandizani ana kupeza pa mapu Macedonia, Alexandria, Babylon ndi Kandahar. Kenaka kambiranani funso ili: kodi ndi mawu ati a m'chinenero chathu amene anadza ndi alendo, ndipo analowa pa khomo liti, la nkhondo, la malonda, la tchalitchi kapena la ukwati?