Chifuwa cha Masabata Awiri Si cha Mphepo

Lero sindibwereza nkhani ya makondomu chifukwa tinaikamba mwezi watha. Ndabwera ndi nkhani ya mapapo, ndipo ndiyamba ndi zomwe zinachitika pakhomo pathu.

M'chaka cha 2022, titangokolola, achimwene anga aakulu anayamba kutsokomola. Iwo ndi a kabaza, ndiye tonse tinati ndi fumbi la mumsewu ndi mphepo ya mu Juni. Anagula timapiritsi pa golosale, koma chifuwa osatha. Usiku ankatuluka thukuta mpaka chofunda kunyowa, ndipo thalauza linayamba kuwakulira. Agogo ataona zimenezi anati, "Iwe, ili ndi tsempho." Mlandu unagwera alamu anga, ndipo kwa asing'anga kunapita nkhuku ndi ndalama zomwe tinasungira feteleza. Miyezi itatu inatha choncho.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Achimwene, bwanji osapita kuchipatala?" Anandiyankha kuti, "Akakanena kuti ndi TB, mudzi wonse uziti ndili ndi Edzi." Anadzavomera atayamba kutsokomola magazi, akubanika ngakhale pongopita kuchimbudzi. Tinawanyamula pa njinga yawo yomwe ija.

Tsono tiyeni timvetse matendawa. Tikamapuma, mpweya umalowa m'mapapo mpaka m'timatumba ting'onoting'ono tozunguliridwa ndi timitsempha ta magazi. Pamenepo magazi amatenga mpweya wabwino n'kusiya woipa, ndipo mtima umapopa magaziwo kuti afike thupi lonse. Kachirombo ka TB kakakhazikika m'mapapo kamayambitsa zilonda, mpaka malo ena amabooka. Ndiye chifukwa chake munthu amatsokomola, amabanika ndi kutopa msanga. Nthawi zina kachiromboka kamayenda ndi magazi n'kukafika kumsana, kuubongo kapena pa kachikopa kokuta mtima. Kakafika pamtima, madzi amadzaza mozungulira mtimawo, moti umalephera kupopa bwino ndipo miyendo imatha kutupa.

TB si matenda achilendo. Dokotala wa ku Germany, Robert Koch, analengeza kuti wapeza kachirombo koyambitsa matendawa pa 24 Malichi 1882, ndipo n'chifukwa chake dziko lonse limakumbukira TB pa 24 Malichi chaka chilichonse. Agogo athu ena omwe anakagwira ntchito kumigodi ya ku Joni anabwerako ndi chifuwa chomwechi, pakuti fumbi la miyala limawononga mapapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB, ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira. Anthu onsewa anafa ndi matenda oti mankhwala ake alipo.

Kodi TB imafala bwanji? Imayenda mumpweya. Wodwala TB ya m'mapapo yemwe sanayambe mankhwala akamatsokomola, kuyetsemula kapena kuimba, timalovu tosaoneka ndi maso timatsala tikuyandama m'nyumba. Wina akapuma mpweyawo, basi watenga. Sifala podyera mbale imodzi, pogwirana chanza kapena pogonana, ndipo siyamba chifukwa cha mchere womwe wina wathira m'ndiwo. Taganizirani malo omwe ife achinyamata timakonda: m'gowelo momwe timagona anthu asanu chitseko chotseka, ku vidiyo shoo komwe mazenera anawatchinga ndi makatoni, mu minibasi yodzaza nthawi yozizira. Malo oterewa ndiye kwawo kwa TB.

Nanga HIV ikubwera pati? Anthu ambiri ali ndi kachirombo ka TB m'thupi koma sadwala, chifukwa asilikali a m'thupi amakatsekera ngati mbuzi m'khola. HIV imapha asilikali omwewo, ndiye khola limatseguka. N'chifukwa chake TB ndi matenda omwe amapha kwambiri anthu omwe ali ndi HIV. Koma mvetsetsani apa anzanga: si aliyense wodwala TB ali ndi HIV, ndipo si aliyense yemwe ali ndi HIV adzadwala TB. Kusowa chakudya chokwanira, matenda a shuga, kusuta fodya ndi kumwa kachasu mwauchidakwa nazonso zimafooketsa thupi. Wodwala TB amalangizidwa kuyezetsa magazi kuti athandizidwe mokwanira, osati kuti achititsidwe manyazi.

Zizindikiro zake n'zosavuta kusunga pamtima: kutsokomola masabata awiri kapena kupitirira, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuonda ndi kusafuna kudya, kupweteka pachifuwa, ndipo nthawi zina magazi m'makhololo. Kwa mwana, onani ngati sikelo yake ikutsika kapena yaima. Ngati uli ndi HIV usadikire n'komwe masabata awiriwo, chifuwa chilichonse kachinene kuchipatala.

Kuyezetsa sikuwawa. Umalavulira makhololo m'kabotolo, osati malovu wamba koma ochokera pansi pachifuwa. Zipatala zambiri zili ndi makina otchedwa GeneXpert omwe amatha kupeza TB m'maola awiri okha, ndipo amaonetsanso ngati kachiromboko sikakumva mankhwala a rifampicin. M'madera ena muli anthu ongodzipereka omwe amatolera makhololo m'mudzi momwemo n'kupita nawo kuchipatala, ndiye funsani alangizi a zaumoyo a kwanu. M'zipatala za boma kuyezetsa ndi mankhwala omwe n'zaulere.

Achimwene anapezeka ndi zonse ziwiri, TB ndi HIV. Anayamba mankhwala a TB, ndipo pasanathe masabata awiri anayambanso ma ARV. Mankhwala a TB amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba piritsi lake limakhala ndi mankhwala amitundu inayi, miyezi inayi yotsalayo amitundu iwiri. Tsiku loyamba anandiitana mwamantha kuti akukodza magazi. Sanali magazi ayi, rifampicin ndi amene amafiiritsa mkodzo, ndipo zimenezi sizoopsa. Choopsa ndi maso kuchita chikasu, kusanza kosalekeza, ziwengo thupi lonse kapena kuona mwachimbuuzi. Zikatero thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

A kuchipatala anasankha ine kuti ndiziwayang'anira akamamwa mankhwala n'kumachonga pa khadi. Vuto linadza mwezi wachitatu. Chifuwa chinatha, thupi linabwerera, ndipo anandiuza kuti, "Ndachira ine, mapiritsiwa angonditopetsa." Tinakangana mpaka mayi analowererapo. Ndinawafotokozera zomwe anesi anatiuza: ukasiyira panjira, tizirombo tofooka timakhala titafa koma tolimba titatsala. Timeneti tikachulukana, TB imabweranso ndipo imatha kukhala yosamva mankhwala, yovuta kwambiri kuchiza. Choipa china, yosamvayo ndi yomwe ungapatsire ana ako. Atamva za mwana wawo, anatambasula dzanja n'kulandira piritsi.

Mwanayo anali ndi zaka zitatu. Anamuyeza, anapezeka kuti alibe TB, koma anamupatsa mankhwala oteteza. Inde, mankhwala oteteza alipo, a ana okhala ndi wodwala komanso a anthu omwe ali ndi HIV, ndipo ena amamwedwa kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu. Katemera wa BCG, yemwe anatisiyira kachipsera pamkono, amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa monga ya muubongo, koma musamudalire kuti akutetezani mutakula.

Lero achimwene akupalasanso kabaza, akumwa ma ARV awo mwandondomeko. Chomwe chimandiwawa ndi miyezi itatu ija, komanso misozi ya alamu anga omwe ananamiziridwa popanda chifukwa.

Ndiye kalabu iliyonse ndikuipempha zinthu zinayi. Choyamba, pokumana tizitsegula mazenera kapena tizikhala panja pansi pa mtengo. Chachiwiri, potsokomola tizitseka pakamwa ndi mkono kapena kansalu, osalavula paliponse. Chachitatu, mnzathu akatsokomola masabata awiri tisamuseke, timuperekeze kuchipatala. Chachinayi, wodwala tisamusale. Akamwa mankhwala mokhulupirika kwa masabata ochepa, mpata woti apatsire ena umachepa kwambiri, ndiye palibe chifukwa chomupatulira mbale yakeyake.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukafika kunyumba madzulo ano, tcherani khutu kuti ndani akutsokomola, ndipo mufunseni kuti anayamba liti. Amene ali ndi funso akweze dzanja.