Kodi CV Ikadali ndi Ntchito? Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale



Komiti idandipempha kuti ndiyankhe funso limene achinyamata akhala akufunsa: kodi n'kuvutikiranji kulemba CV, pamene wolemba ntchito angathe kungofufuza dzina la munthu pa Google, ndipo mbiri ya ntchito imafika pa WhatsApp isanatuluke mu Daily Times kapena The Nation?

Funsoli si lachibwana. M'chaka cha 1974, katswiri wa ku America, Mark Granovetter, adatulutsa buku lotchedwa Getting a Job atafunsa anthu a ku Newton, Massachusetts, m'mene adapezera ntchito. Oposa theka adati adamva kwa munthu. Chimene chidadabwitsa anthu n'chakuti kawirikawiri munthuyo sadali bwenzi la ponda apa nane mpondepo, koma wongodziwana naye patali. Chifukwa chake n'chapafupi. Mnzako wapamtima amamva zomwe iwenso wamva kale, pamene wakutali amayenda m'mabwalo amene iwe sufikako. Mu 2022, kafukufuku wa anthu 20 miliyoni a pa LinkedIn adapezanso zofanana. Tayang'anani amene mwakhala naye pafupi lero. Mwina adamaliza zaka 15 inu musanalowe Fomu 1. Ameneyo ndiye wakutali amene ndikunena.

Komabe CV musaitaye. Ndakhalapo kangapo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito, ndipo ndikuuzani m'mene zimakhalira. Wina angathe kunong'oneza kuti mwana wakutiyo ndi wolimbikira, ife n'kuvomera kumuitana. Koma tikatseka chitseko, chimene chili patebulo ndi pepala. Tiyenera kulemba chifukwa chimene tasankhira uyu n'kusiya uyo, ndipo mawa akuluakulu akafunsa sitingayankhe kuti amalume ake adamuyamikira. M'boma ndiye kulibiretu zimenezo: pamafunika kalata, CV ndi masatifiketi.

Pali china chimene chimandikhudza kwambiri. Ambiri a ife tidafika pasukulu pano ndi sutikesi yamalata, makolo atagulitsa fodya kapena mbuzi kuti fizi ipezeke. Tidalibe wachibale ku Capital Hill. Mwana wotere, masamba awiri a CV ndiwo amamuyankhulira pamaso pa anthu amene sadamuonepo. Tikati pepala latha ntchito, amene tam'tsekera pakhomo ndi iyeyo, osati mwana wa bwana.

Za intaneti ndingonena mwachidule. Wolemba ntchito akakufufuzani, amafuna kuona ngati zimene wapeza zikugwirizana ndi zimene mudalemba. CV ikati mudagwira zaka 3 pamalo ena, LinkedIn n'kunena chaka chimodzi, palibe amene adzakuimbirani foni kuti mufotokoze. Zithunzi za kumowa pa Facebook, ndisanene zambiri, aphunzitsi athu ali pompano.

Pempho langa likupita kwa inu akuluakulu anzanga. Mwana wa sukulu ino akakutumizirani CV, musam'lonjeze ntchito imene si yanu kupereka. Iwerengeni, konzani Chingerezi, muuzeni achotse zosafunika, ndipo mukamva za malo m'dziwitseni msanga tsiku lotsekera lisanafike. Mlembi ali ndi kope kumbuyoko. Amene mungathe kuwerenga ma CV awiri kapena atatu chaka chino, lembetsani maina tisanapite ku nkhomaliro.