Ricardo Rangel ndi Ntchito Yojambula Zithunzi



Lero ndabwera ndi nkhani ya zithunzi. Mwina wina afunsa kuti, ife tasiya makasu kudzaphunzira kuwerenga ndi kulemba, nanga zithunzi zalowapo bwanji? Khalani pansi mumve, pakuti ntchito ziwirizi zimayendera pamodzi. Ndikuuzani za munthu mmodzi wa dziko lathu lino la Moçambique amene anagwira ntchito yojambula zithunzi moyo wake wonse. Dzina lake ndi Ricardo Rangel.

Rangel anabadwa m'chaka cha 1924 mu mzinda wa Lourenço Marques, umene tsopano timautcha Maputo. Inali nthawi ya atsamunda a Chipwitikizi. Mu 1941, ali mnyamata wa zaka 17, anayamba kuphunzira ntchito kwa wojambula wina dzina lake Otílio Vasconcelos. Musaganize kuti anangofika n'kupatsidwa kamera. Ntchito yake yoyamba inali ya m'chipinda cha mdima, kutsuka zithunzi zojambula anthu ena.

Kale zithunzi zinkapangidwa motere. Kuwala kumalowa pa galasi la kamera n'kugwera pa filimu. Filimuyo aitulutsa mumdima n'kuiviika m'mankhwala. Ikauma, zonse zimaoneka mosemphana: choyera chimada, chakuda chimayera. Kenaka amawalitsa nyale kupyola m'filimu muja, kuwala n'kugwera pa pepala lapadera. Pepalalo nalonso aliviika m'mankhwala, ndipo nkhope ya munthu imatuluka pang'onopang'ono pansi pa nyale yofiira. Ukafulumira, chithunzi chimayera mbee. Ukachedwa, chimada bii. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Rangel anadekha m'ntchito imeneyi zaka zoposa 10.

Mu 1952 analembedwa ntchito pa nyuzipepala ya Notícias da Tarde. Iye ndiye anali munthu woyamba wosakhala mzungu kujambula zithunzi pa nyuzipepala m'dziko muno. Pambuyo pake anagwira ntchito pa manyuzipepala ena, ku Lourenço Marques ndi ku Beira. Mu 1970, pamodzi ndi atolankhani anzake, anayambitsa magazini ya Tempo. Kumeneko anagwira ntchito ndi wojambula wina waluso, Kok Nam.

Tsopano tione chimene Rangel ankajambula. Atsamunda ankafuna zithunzi za misewu yosalala, nyumba zosanja ndi mabwana ovala bwino. Rangel anatembenuza kamera yake, nailozetsa kwa anthu wamba: onyamula katundu padoko, ana a m'misewu, akazi ofuna ndalama usiku mu msewu wa Rua Araújo. Zithunzi zake zambiri boma la atsamunda linaziletsa kutuluka, ndipo zina zinawonongedwa. Koma iye sanaleke.

Ndikufotokozerani ziwiri zokha.

Choyamba ndi cha 1973, chojambulidwa ku Changalane, kummwera kwa dziko lathu. Pachithunzipo pali mnyamata wamng'ono, mbusa wa ng'ombe. Pamphumi pake pali chipsera. Bwana wake anamuotcha ndi chitsulo chamoto, chija amaikira chizindikiro pa ng'ombe, chifukwa ng'ombe inasowa. Inu a ku Angónia ndi a ku Tsangano amene munakula mukuweta ng'ombe, mukudziwa kuti ng'ombe imasowa ngakhale kwa mbusa wochenjera. Munthu akadangosimba nkhaniyi pakamwa, ena akadati akunama. Koma chipsera chili pachithunzi, ndipo aliyense akuchiona ndi maso ake mpaka lero.

Chachiwiri ndi cha 1957, ndipo ichi ndicho chikutikhudza ife ophunzira. Pali zitseko ziwiri za zimbudzi. Pa chimodzi palembedwa mawu a Chipwitikizi akuti Homens, ndiko kuti amuna. Pa chinzake palembedwa Serventes, ndiko kuti antchito. Munthu wosadziwa kuwerenga angaone zitseko ziwiri basi, n'kupitirira. Koma wodziwa kuwerenga aona nkhanza yonse ya utsamunda: mzungu yekha ndiye ankayesedwa mwamuna, munthu wakuda anali wantchito ngakhale pakhomo la chimbudzi. Mwaona tsono chifukwa chake ndinati ntchito ziwirizi zimayendera pamodzi. Rangel akadakhala wosadziwa zilembo, sakadaima pa zitseko zija. Ifenso tikapanda kudziwa zilembo, chithunzi chake sichitiuza kanthu.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa nthawiyo anthu 9 mwa 10 aliwonse sankadziwa kuwerenga, ndipo ojambula ophunzitsidwa bwino anali ochepa kwambiri. Rangel sanasunge luso lake m'thumba. Anaphunzitsa achinyamata pa nyuzipepala ya Notícias. Mu 1981 anakhala mkulu wa nyuzipepala ya Domingo. Patapita zaka zochepa anatsegula ku Maputo sukulu yophunzitsa kujambula, Centro de Formação Fotográfica, imenenso inakhala nkhokwe yosungiramo zithunzi za dziko lathu. Anaitsogolera mpaka pamene anamwalira mu 2009, ali ndi zaka 85.

Abale anga, masiku ano zinthu zasintha. Chipinda cha mdima sichifunikanso kwa ambiri. Mwana ali ndi foni m'manja, ajambula zithunzi 20 nsima isanapse. Koma kukhala ndi khasu sindiko kudziwa kulima. Ngati pali mnyamata kapena mtsikana pakati panu amene mtima wake uli pa ntchito imeneyi, musamunyoze kuti akungosewera. Ndi ntchito yodyetsa banja: anthu amafuna zithunzi za ziphaso, za ukwati, za ubatizo, za misonkhano. Ndiponso ndi ntchito yosunga mbiri ya mudzi. Koma wofuna kuigwira moona agwiritse mawu awa.

Loyamba, phunzira kuwala. Dzuwa la mmawa ndi la madzulo limaonetsa nkhope bwino. La masana limaika mithunzi m'maso. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu amene ukumujambula, nkhope yake ida.

Lachiwiri, yandikira, ndipo dikira. Usajambule uli patali ngati wakuba. Khala ndi anthu, ucheze nawo, mpaka aiwale kamera.

Lachitatu, lemekeza munthu. Pempha chilolezo usanajambule, makamaka pamaliro, pa odwala ndi pa miyambo ya mudzi. Mwana wa mwini usamujambule makolo asanavomere. Ukalandira ndalama ya chithunzi, chithunzicho chifike kwa mwini wake.

Lachinayi, usanamize. Chimene sichinachitike usachikonze kuti chioneke ngati chinachitika.

Lachisanu, lemba. Chithunzi chilichonse chikhale ndi dzina la munthu, malo ndi tsiku. Tikudziwa kuti mbusa uja anajambulidwa ku Changalane mu 1973 chifukwa zinalembedwa. Chithunzi chopanda mawu, eni ake akamwalira, adzukulu amangofunsana kuti kodi uyu anali yani, popanda wowayankha.

Nayi tsono ntchito ya sabata ino. Aliyense afunefune kunyumba chithunzi chimodzi, kaya cha pa chiphaso chakale, kaya cha ukwati, kaya cha mwana amene ali kutali. Mubwere nacho kuno. Tidzalemba kuseri kwake ndi dzanja lathu: dzina, mudzi, chaka. Amene dzanja likali kunjenjemera, mnzake amugwirize pensulo. Amene alibe chithunzi, tidzamujambula pano ali ndi buku lake m'manja, ndipo dzina adzalemba yekha.

Tsopano titsegule mabuku athu.