Za Khansa ndi Matenda a Magazi: Mau a Mlembi wa Nthambi pa Msonkhano wa Mamembala

 Lero sindinena za feteleza kapena za mseu. Ndinena za ulendo umene munthu wodwala khansa kapena nthenda ya magazi ayenda, kuchokera kumudzi kuno kufikira kwa dotolo wodziwa nthendayo.

Ambiri a inu munabwera ku maliro a mlamu wanga chaka chatha. Iye anatuluka mwanabere m'khosi, wosapweteka, nayamba kuonda ndi kutuluka thukuta usiku. Anampatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, namwa miyezi isanu ndi umodzi osadumpha tsiku, koma chotupa chinali kukulabe. Pamene kalata yopita ku chipatala chachikulu inalembedwa, tinakhala nayo m'nyumba masabata atatu posowa ndalama ya basi. Titafika anatiuza kuti ndi khansa ya m'mwanabere, imene madotolo aitcha lymphoma, ndi kuti tachedwa. Sindidzudzula munthu, pakuti nthenda ziwirizi zifanana poyamba. Koma masabata atatu aja ndi mlandu wathu, ife abale ake ndi ife a nthambi ino.

Tsono mverani umo njirayi ikhalira. Chipatala chaching'ono sichikhoza kudziwa khansa. Ntchito yake ndi kuona zizindikiro ndi kulemba kalata yopita ku chipatala cha boma la kwanu. Kumeneko ayeza magazi, ndipo akaona chokayikitsa atumiza wodwala ku chimodzi cha zipatala zazikulu zinai: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kuti adziwe chotupa, ayenera kudula kachidutswa kakang'ono ndi kukaona pa makina okulitsa zinthu. Ku Kamuzu Central nyumba yoyezera zotupa inayamba ntchito m'chaka cha 2011. Kwa zaka zambiri wofunika kuwotcha khansa ndi makina anali kutumizidwa kunja, ku India kapena ku Tanzania, ndipo ambiri anafa ali pa mndandanda. M'chaka cha 2024 chipatala cholipira chinayamba ntchitoyi ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 2025 boma linatsegula chipatala cha khansa ku Lilongwe. Chotero thandizo lafika m'dziko, koma silinafike pakhomo pathu.

Magazi apangidwa m'mafuta a m'mafupa. Khansa ikalowa m'menemo, imene aitcha leukaemia, munthu ayera m'maso ndi m'manja, atopa msanga, atuluka magazi m'nkhama, atentha thupi kawirikawiri ngakhale malungo sapezeka, ndipo ena atupa kapamba. Mtundu wina wa nthendayi uli ndi mbulu wake wotchedwa imatinib, womwa tsiku ndi tsiku, ndipo oumwa akhala zaka zambiri akulima minda yao. Lymphoma nayonso ichizika kwa ambiri ndi mankhwala a m'diripi ngati wodwala afika msanga ndi kutsiriza maulendo onse. Nthenda ya sickle cell, imene ipweteka mafupa ndi kuchepetsa magazi, munthu abadwa nayo, ichokera kwa bambo ndi mai onse awiri. Si ufiti iai, ndipo lekani kuloza chala nkhalamba za m'mudzi.

Odwala otere afuna kuwonjezeredwa magazi, ndipo magazi sapangidwa m'fakitale. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, lilandira magazi kwa anthu opereka mwaufulu. Tikumbukira mphekesera za anamapopa za 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, pamene anthu osalakwa anaphedwa. Mantha otere akalowa m'mudzi, wovutika ndi mbale wathu amene ali gone pa bedi kudikira magazi.

Komiti ipempha zinthu zitatu. Choyamba, tikhazikitse thumba la ulendo, membala aliyense aponyemo mwezi ndi mwezi, msungichuma aziwerenga poyera pa msonkhano uliwonse. Kalata ya chipatala isagonenso m'nyumba chifukwa cha basi, ndipo wodwazika naye athandizidwe. Mutu umodzi susenza denga. Chachiwiri, achinyamata athanzi alembetse maina kwa ine lero lomwe, kuti galimoto ya magazi ikafika kuno tipite pamodzi, ine patsogolo. Chachitatu, tilembe kalata kwa khansala ndi kwa phungu wathu, tifunse mafuta a ambulansi, ndiponso kuti zotsatira za zoyeza zizibwera ku chipatala cha boma lathu, munthu asamayende ulendo wautali kukangomva kuti bwerani mwezi wamawa.

Ndipo inu nonse, sungani bwino kabuku kanu ka kuchipatala, pakuti dotolo wa ku Lilongwe sakudziwani, adziwa zolembedwa m'menemo. Mwanabere akatha mwezi osaphwa, kapena mankhwala akatha nthenda iri pomwepo, bwererani mukafunse mwaulemu kuti, “Kodi sikufunika kuyeza chotupachi?” Safunsa anadya phula.